Zimene Tidaona m'Miseu ya ku Prague

 Komiti idatipempha kuti tifotokoze za ulendo wathu wa ku Czech Republic, ndipo idatichenjeza kuti tisatalikitse poti ophika akudikira. Tsono za ndege ndi za kumalo ogona tazisiya. Tikamba za miseu yokha, pakuti anthu a dziko limenelo mbiri yao adailemba m'miseu, pa makoma ndi pansi pamene anthu amaponda.

Achikulire mudalidziŵa dzikoli ndi dzina loti Czechoslovakia. Pa 1 January 1993 lidagaŵika paŵiri mwamtendere, kukhala Czech Republic ndi Slovakia. Ndi dziko laling'ono kuposa Malaŵi, lopanda doko la nyanja yamchere monga lathu lomwe, ndipo lazingidwa ndi Germany, Poland, Slovakia ndi Austria. Anthu ake, Atcheki, akupitirira pang'ono 10 miliyoni. Likulu lake ife timati Prague, koma eni ake amati Praha. Mzindawo uli pa mtsinje wa Vltava, ndipo kale udali matauni anai oyandikana, aliyonse ndi bwalo lake ndi akuluakulu ake, mpaka pamene adaŵalumikiza mu 1784.

Choyamba chimene mlendo amamva ku Prague ndi mapazi. Mumphepete mwa miseu, moyenda anthu, adayala timiyala tating'onoting'ono tosema, toyera ndi todera, tosanjidwa mokongola ngati maluko a mkeka. Amisiri amatikhoma kamodzikamodzi ndi nyundo atagwada pansi, ndipo paipi ya madzi ikaphulika amatizula, nakonza paipiyo, nkutibwezeranso m'malo mwake. Nzokoma m'maso, koma amai okonda nsapato za gogoda, tikuuzeni lero lomwe: kazisiyeni kunyumba. Ndipo poti tatchula nsapato, pa bwalo lalikulu la Wenceslas tidapeza dzina limene tonse tidakula nalo, la Bata, pa sitolo ya magalasi yomangidwa mu 1929. Ambirife tinkayesa kuti Bata ndi wa ku Mangalande. Ai, ndi Mtcheki. Tomáš Baťa adayamba kampaniyo mu 1894 m'tauni ya Zlín, pamodzi ndi mbale wake Antonín ndi mlongo wake Anna, ana a munthu wosoka nsapato. Iye adafa pa ngozi ya ndege mu 1932, koma nsapato zake zidafika mpaka ku mapazi a ana athu a sukulu.

Mukakweza maso muona kuti nyumba iliyonse ili ndi manambala aŵiri, ina pa chitsulo chofiira, ina pa chitsulo chabuluu. Yofiirayo idayamba mu 1770, pa nthaŵi ya Mfumukazi Maria Theresa, pamene boma linkafuna kudziŵa nyumba zonse kaamba ka msonkho ndi kulemba anyamata usilikali. Imeneyo siitsata mseu, ndiye mukaidalira musokera. Yabuluuyo idabwera m'zaka za m'ma 1860, ndipo ndiyo yothandiza woperekera makalata ndi mlendo. Nanga manambala asanabwere ankatani? Nyumba iliyonse inkadziŵika ndi chizindikiro chojambula kapena chosema pamwamba pa khomo. Mu mseu wa Nerudova, wokwera chitunda kupita ku nyumba ya mafumu, zizindikirozo zikalipo. Pali nyumba ya Zeze Atatu, mmene munkakhala banja la amisiri opanga zeze wachizungu, ndi nyumba ya Madzuŵa Aŵiri, mmene ankakhala mlembi Jan Neruda amene mseuwo udatengako dzina. Ife sitidadabwe konse ndi zimenezi, popeza kwathu kuno timalozera mlendo kuti akafika pa mtengo wa kachere akhote, nyumba yake ndi ya chitseko chobiriŵira.

Munthu amene adaupatsa mzindawo maonekedwe ake ndi Mfumu Charles IV. M'chaka chimodzi chokha, 1348, adakhazikitsa yunivesite imene ikuphunzitsabe mpaka lero, nayambitsanso Tauni Yatsopano yokhala ndi misika itatu ikuluikulu: wa akavalo, wa ng'ombe ndi wa udzu wodyetsa ziŵeto. Bwalo la Wenceslas lija ndiwo msika wa akavalo wakale, nchifukwa chake lili lalitali ngati mseu, mamita 750 mulitali ndi 60 mulifupi. Mfumu yomweyo idayamba kumanga mlatho wamiyala mu 1357, wakale utakokoloka ndi madzi mu 1342. Mlathowo ndi wotalika mamita 516, uli ndi ziboliboli 30 mbali zonse ziŵiri, ndipo mpaka 1841 ndiwo wokha unkaolotsa anthu mu mzindamo. Pali nthano yoti amisiri ankasakaniza mazira m'dothi lomangira kuti mlatho ulimbe, ndipo mfumu idalamula midzi yonse kuti itumize mazira. Anthu a ku Velvary, poopa kuti angasweke pa njira, adatumiza mazira oŵiritsa. Mpaka lero anzao akuŵaseka. Ife tikuti anthu amenewo adali ndi amai anzeru, kungoti sadauzidwe ntchito ya mazirawo.

Pa mlathowo sitidakhalitse. Masana pamakhala chipiringu cha alendo, ojambula zithunzi ndi ogulitsa tizinthu, mwakuti munthu sungaime nkuyang'ana mtsinje. Chimodzimodzi pa koloko yakale ya mu 1410, pamene anthu amasonkhana ora lililonse kudzaona tiziboliboli ta atumwi tikudutsa pa mazenera. Zimatha msanga, munthu usanakonze nkomwe magalasi.

Kumene tidakhalitsa ndi pa kabwalo kakang'ono ka phee, kotchedwa Betlémské náměstí, pamene pali nyumba yopempheramo ya Bethlehem. Kunja kwake siikopa maso: ndi chinyumba chachikulu cha madenga aŵiri osongoka, chonga nkhokwe ya fodya. Idamangidwa mu 1391 ndi cholinga chimodzi, chakuti m'menemo muzilalikidwa m'Chitcheki, chilankhulo cha anthu wamba, pa nthaŵi imene mapemphero ankachitika m'Chilatini ndipo olemera ambiri a mu mzindawo ankalankhula Chijeremani. Munkaloŵa anthu okwana 3,000. Mkati mwenimweni muli chitsime, chimene anthu a m'deralo ankatungapo madzi nyumbayo isanamangidwe, ndipo omanga adangochisiya m'menemo. Kuyambira mu 1402 mlaliki wake adali Jan Hus, mwana wa anthu osauka wa ku mudzi wa Husinec, amene adaphunzira mpaka kukhala mkulu wa yunivesite. Dzina lakelo limafanana ndi liu lao lotanthauza tsekwe, ndipo iye mwini ankadzitcha tsekwe poseka.

Amai ankabwera ambiri kudzamva Hus, kuyambira antchito a m'nyumba mpaka Mfumukazi Žofie. Pafupi ndi nyumbayo pankakhala gulu la akazi opemphera, ndipo Hus adaŵalembera kabuku m'chilankhulo chao, kotchedwa Dcerka, ndiye kuti mwana wamkazi. Ophunzira ambiri amati ndi iyeyonso amene adayambitsa tizizindikiro tija timaoneka pamwamba pa malemba a Chitcheki, monga č, š ndi ž, kuti liu lililonse likhale ndi lemba lake. Titamva zimenezi tidakumbuka kachipeŵa ka pa ŵ wathu, kamene ena amakakonda pamene ena amati nkotopetsa. Kwa Atcheki tizizindikiro timeneti si nkhani yokambirana: tili pa chikwangwani chilichonse cha mseu.

Mavuto adakula mu 1412, pamene kudabwera anthu ogulitsa makalata okhululukira machimo kuti apeze ndalama za nkhondo. Hus adadzudzula malonda amenewo poyera. Anyamata atatu amene adatsutsa ogulitsawo m'matchalitchi adadulidwa mitu, ndipo khamu la anthu lidanyamula mitembo yao m'miseu mpaka ku Bethlehem. Hus adachoka mu mzinda nakalalikira kumidzi. Mu 1414 adaitanidwa ku msonkhano waukulu wa Mpingo ku Constance, atalonjezedwa ndi Mfumu Sigismund kuti apita ndi kubwera bwino. Lonjezolo silidasungidwe. Adamtsekera m'ndende, namuuza kuti akane zimene ankaphunzitsa. Iye adati akana ngati amuwonetsa cholakwa chake kuchokera m'Malembo. Pa 6 July 1415 adamtentha, phulusa lake nkulitaya mu mtsinje wa Rhine. Tsiku limenelo ndi la tchuthi m'dziko lonse la Czech. Tinenenso, kuti tisakondere, kuti mu 1999 Papa John Paul II adanena poyera za chisoni chake pa imfa yankhanza imeneyo.

Kuyenda pang'ono kuchokera ku Bethlehem, kuseri kwa nyumba zina, kuli katchalitchi ka Martin Woyera kamene kadamangidwa kogundana ndi linga la mzinda. M'menemo, mu 1414, anthu wamba adalandira chikho pa Mgonero, osati mkate wokha monga zinkachitikira. Amai anzathu, ife amene timatsuka tizikho ndi kuyala nsalu yoyera pa gome, sitiganiza nkomwe kuti chikhocho anthu adachimenyera nkhondo zaka zambiri, amuna ndi akazi omwe, atachijambula pa mbendera zao. Tidaima m'katchalitchiko kanthaŵi, palibe amene adalankhula.

Pa bwalo la Tauni Yakale alendo onse amayang'ana kumwamba, ku koloko ija. Kuona maso a nkhono nkudekha: mukayang'ana pansi, pafupi ndi khoma la holo ya mzinda, muona mitanda yoyera 27 yoyalidwa m'timiyala tija. Atcheki atagonja pa nkhondo ya pa Phiri Loyera mu November 1620, atsogoleri ao 27 adaphedwa pamenepo pa 21 June 1621, ng'oma zikulira kuti anthu asamve mau ao otsiriza. Mitu 12 idapachikidwa pa nsanja ya mlatho uja, nikhala pomwepo zaka 10. Mu 1627 kudatuluka lamulo loti amene sali Mkatolika atembenuke kapena atuluke m'dziko. Mmodzi mwa amene adatuluka, mu 1628, ndi Jan Amos Komenský, amene aphunzitsi athu amamdziŵa kuti Comenius. Iyeyu adalemba kuti sukulu yoyamba ya mwana ndi pa miyendo ya mai wake, ndi kuti atsikana aziphunzira chimodzimodzi anyamata. Sadabwererenso kukakhala kwao. Adafera ku Amsterdam mu 1670. Otsala a mpingo wake adathaŵira ku Herrnhut ku Germany mu 1722, ndipo zidzukulu zao m'chikhulupiriro, a mpingo wa Moravian, adafika ku Rungwe mu 1891, kuseri kwa malire athu a kumpoto. Amai a ku Karonga ndi Chitipa mukuudziŵa mpingo umenewu.

Pa bwalo lomwelo pali chipilala chachikulu cha Hus, choimikidwa mu 1915. Pafupi pake padali mzati wa Maria, umene khamu la anthu lidaugwetsa mu 1918 dzikolo litangopata ufulu, poti ankauona ngati chizindikiro cha mafumu a ku Austria. Mu 2020 adauimikanso, patapita mikangano ya zaka zambiri. Tsono ziŵirizi zikuyang'anizana, ndipo pakati pake ana amathamangitsa nkhunda. Koma tisakubisireni: matchalitchi ambiri okongolawo Lamulungu amakhala ndi anthu oŵerengeka, ndipo madzulo amagulitsamo matikiti a nyimbo kwa alendo. Pa kalembera wa mu 2021, pafupifupi theka la anthu a m'dzikomo adalemba kuti alibe chipembedzo. Ena amati nchifukwa cha zaka 41 za boma la Chikomyunizimu. Ife tikuganiza kuti mitanda 27 ija ili ndi mbali yakenso, pakuti anthu amene adakakamizidwa kusintha mpingo ndi lupanga sachedwa kukayikira mipingo yonse.

Tsopano tikuuzeni za anthu amoyo, poti mzinda si miyala. Kuti muŵaone muyenera kukwera sitima za mumseu zoyendera magetsi, zimene eni ake amati tramvaj. Zidayamba mu 1875 zikukokedwa ndi akavalo, ndipo yamagetsi yoyamba idayenda mu 1891. Mulibe kondakitala. Munthu amagula tikiti ya mphindi zakutizakuti, naidinda yekha poloŵa, ndipo oyendera matikiti amabwera mwadzidzidzi atavala ngati anthu wamba. Okalamba a zaka 65 kunka mtsogolo amakwera ulere. M'sitimamo anthu amakhala chete, nkhope zili gwa, ena akuŵerenga mabuku, mwakuti poyamba munthu ungati kwagwa maliro. Koma gogo akangoloŵa, mnyamata amanyamuka pa mpando osauzidwa. Mai akafika ndi ngolo ya mwana, amuna aŵiri osamdziŵa amainyamula nkuikweza, osanena kanthu. Ulemu ali nao, kungoti sauvala pankhope. Poloŵa m'kasitolo kakang'ono muyenera kupereka moni, dobrý den, ndipo potuluka kutsazika. Moni wao ndi womwewo basi, safunsana za ana ndi za kumudzi. Poloŵa m'nyumba ya munthu mumavula nsapato pakhomo, ndipo mwini nyumba amakupatsani mapatapata a alendo. Mukatenga maluŵa, aŵerengeni: atatu, asanu kapena asanu ndi aŵiri, pakuti aŵiri, anai ndi otero ndi a ku maliro.

Chakudya chachikulu amadya masana. Amayamba ndi supu, kenaka nyama ya nkhumba, kabichi wowawasa ndi knedlíky, umene ndi mkate wophika m'madzi otentha nkuudula mapisi. Ntchito yake ndi ya nsima yathu, kukokolola msuzi, ngakhale sukhalitsa m'mimba. Moŵa amamwa kwambiri, ndipo samabisa. Pa zimenezo sitikuŵayamikira. Amene adatilandira adatiuza kuti Khirisimasi ikayandikira, m'makona a miseu mumabwera migolo ikuluikulu ya madzi yodzaza nsomba zamoyo zotchedwa kapr, zochokera m'maiŵe a kumwera kwa dzikolo. Mabanja ena amagula yamoyo nkukaisunga m'bafa masiku angapo, ana nkuipatsa dzina, ndiye pa 24 December pamakhala misozi bambo akanola mpeni. Lachisanu madzulo anthu ambiri amatuluka mu mzinda kupita ku tinyumba tao ta kumudzi, kukalima ndiwo zamasamba, ndipo nyengo yake ikakwana amaloŵa m'nkhalango ndi madengu kukazula boŵa. Amadziŵa wodya ndi wakupha monga momwe ife tidziŵira utale ndi manyame. Pa nkhani ya boŵa tidamvana nao msanga ngakhale popanda womasulira.

Funso limene tidafunsa ndi lakuti: nanga eni mzinda amagona kuti? Pakuti m'Tauni Yakale tinkaona masitolo a zidole ndi malo osinthira ndalama, koma osaona zovala za ana zoyanikidwa. Yankho lake ndi lakuti ambiri adachoka. Nyumba za pakatipo zidasanduka zogona alendo a masiku aŵiri kapena atatu, lendi idakwera, timasitolo ta mkate ndi mkaka tidatsekedwa, ndipo mabanja adasamukira kunja. Tidakwera sitima ya pansi pa nthaka, imene idayamba mu 1974, mpaka ku Jižní Město, kumene anthu pafupifupi 80,000 amakhala m'nyumba zosanjikizana za simenti zomangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Kale zonse zidali zotuŵa, zofanana ngati mabokosi a machesi. Tsopano adazipaka utoto wamitundumitundu. Kumeneko ndiko tidaona agogo atakhala pa mabenchi, ana akuseŵera, amai akukankha ngolo za makanda. Lamulo la kumeneko limalola kholo kukhala kunyumba kulera mwana mpaka atakwana zaka 3, ntchito ikumdikira. Ife tikuti mzinda umene wapirikitsa ana ake pakati pake kuti ugoneke alendo wagulitsa chinthu chovuta kuchiombola, ngakhale ifenso tidali alendo omwewo.

Pali mseu wina wautali wotchedwa Vinohradská, kutanthauza wa ku minda ya mphesa. Mu 1920 adautcha dzina la Foch, mkulu wa asilikali wa ku France. Ajeremani a Hitler, amene adalanda mzindawo pa 15 March 1939, adausintha mu 1940 kuti ukhale wa Schwerin, mkulu wa asilikali wa ku Prussia. Mu 1946 udasanduka wa Stalin, ndipo mu 1962 udalandira dzina la mphesali. Ganizani, munthu wobadwira m'nyumba imodzi nafera momwemo adasintha keyala kangapo osasamuka. Stalin yemweyo adammangira chiboliboli chachikulu koposa pa chitunda cha Letná mu 1955, iye ali patsogolo, anthu ena atandanda pambuyo pake. Anthu a mu mzinda, amene ankakhalira kuima pa mizere m'masitolo, adachitcha mzere wa nyama. Mu 1962 boma lomwelo lidachiphulitsa.

Mu mseu wa Vinohradská muli nyumba ya wailesi ya dziko. Usiku wa pa 20 kuchezera pa 21 August 1968, akasinja a Soviet Union ndi maiko ena ogwirizana nao adaloŵa m'dzikomo kudzathetsa kusintha kumene Alexander Dubček adayamba, kopatsa anthu ufulu wolankhula. Anthu opanda mfuti adatchinga mseu ndi mabasi kuti wailesi ipitirize kuulutsa zoona, ndipo ena adafera pomwepo. Maina ao ali pa khoma. Pambuyo pake adachita chinthu chimene tidachikonda kwambiri. Adazula zikwangwani za miseu ndi manambala a nyumba, ena nkupaka utoto, kuti asilikali achilendo ndi apolisi ofuna kugwira anthu asokere. Mzinda wonse udakhala wopanda dzina, wodziŵika kwa eni ake okha. Sizidaletse akasinja, pakuti asilikaliwo adachoka mu 1991. Pa 16 January 1969 mnyamata wa pa yunivesite, Jan Palach, wa zaka 20, adadzitentha kumtunda kwa bwalo la Wenceslas pofuna kudzutsa anthu amene adayamba kugonja, nafa patapita masiku atatu. Pamalopo pali mtanda wa mkuŵa wogona pansi, ngati watumphuka m'timiyala. Ife monga amai sitingayamikire kuti mwana adziphe. Tidangoganiza za mai wake. Pa 17 November 1989 apolisi adamenya ana a sukulu mu mseu wa Národní, ndipo m'masiku otsatira anthu zikwizikwi adadzaza bwalo la Wenceslas akuliza makiyi a nyumba zao, kuuza boma kuti nthaŵi yakwana. Chaka chisanathe, Václav Havel, amene adali m'ndende miyezi ingapo m'mbuyomo, adakhala Pulezidenti.

Kumpoto kwa Tauni Yakale kuli Josefov, kumene Ayuda adakhala zaka mazana ambiri motsekeredwa. Pakati pa 1893 ndi 1913 boma la mzinda lidagwetsa nyumba zambiri za m'deralo nkulambula mseu wotakata wa Pařížská, mmene lero muli masitolo odula kwambiri, a zikwama za mtengo woti mungamangire nyumba. Adasiya masunagoge angapo ndi manda akale. Pamandapo malo adali ochepa, ndiye ankathira dothi pamwamba nkuikanso ena, mwakuti miyala pafupifupi 12,000 yapanikizana, ina yopendekeka, ina yotsamirana. Pakhomo pa nyumba zina tidaona timbale ta mkuŵa tokhomedwa pansi, tonga chikhatho kukula kwake, tolembedwa dzina la munthu amene ankakhala m'nyumbamo, chaka chobadwa, tsiku limene adatengedwa ndi kumene adafera. Pena tinai pamodzi: bambo, mai ndi ana aŵiri. Kuti uŵerenge uyenera kuŵerama.

M'sunagoge ya Pinkas mulibe mipando kapena zokongoletsa. Makoma onse, kuyambira pansi mpaka pamwamba, adalembedwa pamanja maina pafupifupi 78,000 a Ayuda a m'dzikomo amene adaphedwa ndi a Nazi. M'chipinda chapamwamba muli zithunzi zojambula ana amene adatsekeredwa ku Terezín, makilomita ngati 60 kuchokera ku Prague. Mphunzitsi wao, mai Friedl Dicker-Brandeis, ankaŵaphunzitsa kujambula pa timapepala totola, ndipo asanatumizidwe ku Auschwitz mu 1944, kumene adakafera, adabisa zithunzi zopitirira 4,000 m'masutikesi aŵiri. Anawo adajambula agulugufe, gome la chakudya kunyumba kwao, ndi mizere ya anthu odikira supu. Ambiri mwa iwo sadabwerere. Mphunzitsiyo ankaŵauza kuti azilemba maina ao pa zithunzizo, nchifukwa chake tikuŵadziŵa.

Mseu wotsiriza umene tikufuna kukuyendetsani ndi wa Milady Horákové, wodutsa pa chitunda cha Letná chija. Ndi mseu wamba waphokoso, wa sitima, masitolo a mankhwala ndi ophika mkate. Mpaka 1990 unkatchedwa wa Oteteza Mtendere. Milada Horáková adabadwa mu 1901, adaphunzira za malamulo, nagwira ntchito mu ofesi ya mzinda yoona za osauka, makamaka amai ndi ana. Adali mmodzi wa atsogoleri a bungwe la amai la dziko lonse, ndiponso Mkhristu wa mpingo wa Abale a Chitcheki. Ajeremani adamgwira mu 1940 pamodzi ndi mwamuna wake, ndipo adakhala m'ndende zao mpaka 1945. Atatuluka adaloŵa m'nyumba ya malamulo. Achikomyunizimu atalanda boma mu February 1948, iye adatula pansi udindo wake. Anzake adamuuza kuti athaŵe, koma adakana. Adamgwira mu September 1949, namzenga mlandu wopeka woukira boma. Mlanduwo udaulutsidwa pa wailesi, oimbidwa mlandu ataloŵezedwa pamtima zoti akanene, ndipo m'mafakitale ndi m'masukulu anthu ankasainitsidwa makalata opempha kuti aphedwe. Albert Einstein, Winston Churchill ndi Eleanor Roosevelt adapempha kuti amleke ndi moyo, koma Pulezidenti Klement Gottwald sadamve. Adampachika m'ndende ya Pankrác m'mamaŵa pa 27 June 1950. Phulusa lake silidaperekedwe kwa abale, ndipo manda ake a ku Vyšehrad ndi opanda mtembo.

Masiku ake otsiriza adalemba makalata kwa abale ake. Ina idali ya mwana wake mmodzi yekhayo, Jana, wa zaka 16, ndipo m'menemo mudali malangizo a mai kwa mtsikana amene akukula: za kusamala thanzi lake, za kuŵerenga mabuku, za kuvala mwaukhondo, za kumvera azakhali ake amene adzamlera. Akuluakulu a ndende adalandira makalatawo, koma sadaŵapereke. Adaŵatsekera m'mafailo a boma zaka 40. Jana adaŵalandira mu 1990, ali mai wa zaka zopitirira 50.